Kupanga alpha yanuyanu youmbira diso pa kompyuta

Anthu ambiri amene akuphunzira kuumba nkhope mu ZBrush kapena mu Blender, mapulogalamu oumbira zinthu pa kompyuta, akafika pa diso amathamangira pa intaneti kukatenga ma alpha opangidwa kale, ndipo zotsatira zake zimaonekera patali: nkhope ya mayi wa khungu lakuda imapezeka ili ndi iris (gawo lamtundu la diso) ya timaulusi tambirimbiri toonekera poyera, tofanana ndi ta munthu wa maso a buluu, kungoti wina wapakapo utoto wabulawuni. Diso lotere silikhutiritsa woliona ngakhale iye sangathe kunena chimene chalakwika. Malangizo awa akufotokoza mmene mungapangire alpha yogwirizana ndi munthu amene mukuumbayo, kuyambira pa kuyeza mpaka pa kuidinda pa diso lenilenilo.

Alpha ndi chithunzi chopanda mitundu, cha zoyera, zotuwa ndi zakuda zokha, chimene burashi imawerenga ngati msinkhu. Pamene payera pamatukuka, pamene pada pamakhala pansi, ndipo zotuwa zimagwera pakati. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya chitsononkho chimene woumba mbiya amagubuduza pa dongo losauma kuti chisiye mizere yake. Mfundo imene muyenera kuigwiritsa kuyambira pano ndi yakuti alpha imanyamula kuya, osati maonekedwe a mtundu. Pafupifupi zolakwika zonse za oyamba kumene zimachokera pa kuiwala zimenezi.

Yambani ndi kuyang'anitsitsa diso lenileni

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, pemphani mnzanu akhale pafupi ndi zenera, kuwala kukumufikira cham'mbali, ndipo muyang'ane diso lake mwachifatse kapena mulijambule ndi foni popanda kuyatsa fulashi. Kuwala kochokera kutsogolo kumafafaniza zokwera ndi zotsika, pamene kochokera m'mbali kumaziulula ndi timithunzi.

Diso la munthu wamkulu ndi lalikulu pafupifupi mamilimita 24 kuchokera mbali ina kufika ina. Iris, gawo lamtundu lozungulira mboni, imakhala pakati pa mamilimita 11 ndi 12, ndipo mboniyo imasinthasintha kuyambira mamilimita 2 pa dzuwa lowala mpaka pafupifupi 8 mumdima. Pa mtunda wa pafupifupi milimita imodzi ndi theka kuchokera m'mphepete mwa mboni pali kamtumbira kokhotakhota kotchedwa collarette, ndipo apa ndi pamene iris imakhala yochindikala kwambiri. Kamtumbira kameneka kamagawa iris pawiri. Chigawo cham'kati chili ndi timizere tosalala tolunjika ku mboni, pamene chakunja chili ndi ulusi wokhotakhota, timaenje tooneka ngati nthanga totchedwa ma crypt a Fuchs, komanso timigula tozungulira cha m'mphepete, timene timapangika chifukwa iris imapindika mboni ikamakula. M'mphepete mwenimweni mwa mboni muli kamkombero kakuda ka tizibuluma tating'onoting'ono.

Tsono mukayang'ana diso labulawuni wakuda, limene ndi la anthu ambiri kuno kwathu, mudzaona kuti silifanana ndi zithunzi zambiri za pa intaneti. Utoto wachibadwa wa melanin umadzaza gawo la pamwamba la iris, kotero kuti ulusi wa pansi umabisika ndipo pamwamba pamaoneka posalala, pofewa. Zimene zimaonekera bwino ndi collarette, timaenje tochepa takuya, ndi timigula tozungulira tija. Wopanga alpha ya diso lotere ayenera kuchepetsa ulusi ndi kupereka mphamvu ku zinthu zitatuzi. Diso la buluu kapena lobiriwira ndi limene limafuna ulusi wochuluka wopiringizana.

Musagwe m'chiyeso chotenga chithunzi mwajambulacho, kuchichotsa mitundu n'kuchitcha alpha. Kadontho ka utoto wakuda kamene kali pa iris si dzenje, koma burashi idzakakumba. Kuwala kwa zenera kumene kwanyezimira pa cornea, gawo loonekera ngati galasi la kutsogolo kwa diso, si phiri, koma burashi idzakutukula. Chithunzicho chikhale pambali ngati chokukumbutsani, ndipo kuyako mukupange nokha.

Kukonza tsamba logwirirapo

Njira yoyamba ndi yojambula, ndipo pano ndikugwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu yojambulira ndi kukonzera zithunzi, chifukwa ndi yaulere komanso, kuyambira pa GIMP 2.10 imene inatuluka mu 2018, imatha kugwira zithunzi za 16-bit. Nkhani ya 16-bit si yongokometsera. Chithunzi cha 8-bit chili ndi masitepe 256 okha kuchokera pa chakuda kufika pa choyera, pamene cha 16-bit chili ndi 65,536. Pa sikirini kusiyanako simungakuone, koma mukadinda alpha ya 8-bit pa malo otsetsereka pang'onopang'ono, pamatuluka timizere tonga makwerero timene kuwala kumationetsa poyera. Choncho tsegulani chithunzi chatsopano cha ma pixel 4096 m'litali ndi 4096 m'lifupi, musankhe Grayscale, ndipo pa Precision muike 16-bit integer. Musayambe ndi 8-bit poganiza kuti mudzasintha pomaliza, chifukwa masitepe amene sanalipo poyamba sangabwere pambuyo.

Simujambula iris ili yozungulira. Mujambula itatambasulidwa, mboni ili kumwamba, m'mphepete mwa iris muli kumunsi, ulusi wonse ukuyenda choimirira, kenaka fyuluta ya Polar Coordinates idzaikulunga. Ubwino wake ndi wakuti mzere woongoka ndi wosavuta kujambula kusiyana ndi mizere mazanamazana yoloza pa kadontho kamodzi.

Kawerengedwe kake kali motere. Mukakulunga, mzere wa pamwamba penipeni pa chithunzi umasanduka pakati pa bwalo, ndipo wa pansi penipeni umasanduka m'mphepete mwa bwalo. Ngati tifuna iris ya mamilimita 12 itenge ma pixel 3600 mwa 4096 aja, kusiya malo opanda kanthu m'mbali, ndiye kuti milimita imodzi ndi ma pixel 300 pa chithunzi chokulungidwa, ndi 600 pa chotambasulidwa. Ikani ma guide (mizere yokutsogolerani pojambula) atatu opingasa: loyamba pa 1200, pothera mboni ya mamilimita 4, lachiwiri pa 2100, pamene padzadutse collarette, lachitatu pa 3600, pothera iris. Kumwamba kwa 1200 ndi kumunsi kwa 3600 simudzajambulako kanthu.

Dzazani tsamba lonse ndi chotuwa cha pakati penipeni, cha 50 pa 100. Uwu ndiwo msinkhu wa poyambira: chilichonse choyera kuposa apa chidzatukuka, chakuda kuposa apa chidzalowa.

Kumanga kuya, kuyambira zazikulu

Gwiritsani ntchito layer (tsamba loyalidwa pamwamba pa linzake) yakeyake pa chinthu chilichonse, chifukwa pambuyo pake mudzafuna kuchepetsa mphamvu ya chimodzi osakhudza zinzake, ndipo ma layer omwewo adzakupatsani ma alpha a maso osiyanasiyana.

Pa layer yoyamba jambulani msinkhu waukulu. Ndi burashi yaikulu yofewa, yeretsani pang'ono lamba wa pa guide ya 2100, kuyerako kuzirala mofulumira polowera ku mboni ndi pang'onopang'ono polowera kunja. Mzere wa collarette usakhale woongoka. Uziyenda chokwera ndi chotsika, pena kuyandikira mboni, pena kutalikira, pena kudukiratu, chifukwa ukakhala woongoka pano udzatuluka bwalo langwiro lofanana ndi chitsulo cha makina.

Pa layer yachiwiri pakhale ulusi wa pansi. Dzazani layer ndi chotuwa, thiranipo noise, kenaka muikoke ndi Linear Motion Blur yoloza choimirira mpaka timadontho tisanduke timizere titalitali. Ulusi wotere ndi wosalala kwambiri ndipo wokha sungakhutiritse, choncho ukhale wofooka, ungogwira ntchito yoti pasakhale malo osalala ngati galasi. Ikani layer imeneyi pa Overlay ndipo muchepetse opacity yake.

Layer yachitatu ndiyo imadya nthawi, ndipo palibe njira yachidule. Ndi burashi yaing'ono yoyera, jambulani ulusi ndi dzanja kuchokera pa collarette kutsikira kumunsi. Ulusi weniweni sumayenda wokhawokha: ziwiri zimayambira pamodzi, zimapatukana, zimazungulira kadzenje, n'kukumananso patsogolo. Zina zimadutsa pamwamba pa zinzake, ndipo kuti izi zioneke, ulusi wa pamwamba uyere kuposa wa pansi pamalo pamene zapingasana. Kunenepa kwake kusiyane, mipata yake isiyanenso. Malo ena athithikane, ena atayane. Kumbukirani kuti kukulunga kudzapanikiza zonse za kumwamba ndi kutambasula za kumunsi, choncho ulusi wa kufupi ndi 3600 muujambule wowonda kuposa mmene mukufunira kuti udzaonekere. Pa diso labulawuni wakuda, layer imeneyi muipake Gaussian Blur pang'ono n'kuitsitsa mphamvu kwambiri, kuti ulusi uzingomveka pansi pa khungu losalala m'malo moonekera pamtunda.

Timaenje tikhale pa layer yachinayi. Tijambuleni ndi chakuda, tosongoka kumwamba ndi kumunsi, tambiri mwa ito titaunjikana kufupi ndi collarette ndipo tina tochepa tating'ono cha kumunsi. Kadzenje kabwino kali ndi milomo yakuthwa mbali imodzi ndi yotsetsereka mbali inayo, ndipo pansi pake pamaoneka timizere ta ulusi wa m'kati. Musakadetse mpaka kufika pa chakuda chenicheni, chifukwa pansi pake padzakhala pathyathyathya ngati podulidwa ndi mpeni. Siyani malo oti kuya kupitirire.

Layer yachisanu ndi ya timigula tozungulira, timene pa tsamba lotambasulali ndi mizere yopingasa pakati pa 2900 ndi 3500. Itatu kapena inayi ndi yokwana, ndipo palibe umodzi woyenera kuyenda kuchokera kumanzere mpaka kumanja osaduka. Pomaliza onjezani tizibuluma ta m'mphepete mwa mboni pa guide ya 1200.

Musanakulunge, konzani msoko. Mbali ya kumanzere ndi ya kumanja zidzakumana, ndipo zikapanda kugwirizana padzaoneka mzere wodula iris kuchokera ku mboni mpaka kunja. Pa layer iliyonse tsegulani Offset, musunthe ndi theka la m'lifupi, Wrap around ili yosankhidwa, ndipo msokowo udzabwera pakati pa tsamba pamene mungaukonze ndi burashi kapena Clone. Mukatha, sungani fayilo ya ma layer payokha, pangani kope lophatikiza zonse, ndipo mutsegule Filters, Distorts, Polar Coordinates, bokosi la Map from top lili lochongedwa. Makona amene atsala opanda kanthu muwadzaze ndi chotuwa chomwe chija cha 50 pa 100, ndipo muonetsetse kuti m'mphepete mwa iris mukusungunukira m'chotuwacho mosadukiza. Chepetsani chithunzi kufika pa 2048, chimene chimabisa kutambasuka kwa kunja kuja, n'kuchitulutsa ngati TIFF kapena PNG ya 16-bit. JPEG musaiyerekeze n'komwe, chifukwa timabokosi timene imasiya pochepetsa fayilo timadindika pa diso.

Njira yachiwiri: kuumba kenaka n'kutenga kuya

Amene dzanja lawo linazolowera kuumba kuposa kujambula angapeze zotsatira zabwino poumba iris mwachindunji. Mu ZBrush, tengani Plane3D, muisandutse PolyMesh3D, muzimitse Smt kuti makona asapindike, ndipo muigawe mpaka ma polygon, tizidutswa timene timapanga chinthu choumbidwacho, apitirire miliyoni imodzi. Kugawa kulikonse kumachulukitsa ma polygon kanayi. Yatsani Radial Symmetry pa Transform kuti muyale ulusi wa pansi mofulumira, koma muizimitse msanga, chifukwa chilichonse chobwerezedwa mofanana kuzungulira bwalo diso la munthu limachigwira nthawi yomweyo. Collarette, timaenje ndi ulusi wa pamwamba ziumbidwe popanda symmetry, pogwiritsa ntchito Standard, DamStandard ndi Inflate.

Mukakhutira, sinthani kukula kwa Document kukhale 2048 mbali zonse, zimitsani Perspective, yang'anitsani plane molunjika, muidzazitse pa canvas, ndipo musindikize GrabDoc pa Alpha. Pulogalamuyo idzasandutsa kutalikirana kwa malo alionse ndi kamera kukhala chotuwa cha 16-bit. Perspective ikakhala yoyaka, alpha imatuluka yopotoka. Mu Blender ntchito yomweyi imachitika ndi kamera ya Orthographic yoyang'ana pansi, n'kusunga kuyako ngati OpenEXR. Kwa ine njira yabwino ndi kuphatikiza ziwirizi: kujambula maziko mu GIMP, kuwadinda pa plane, kukonza ndi dzanja, n'kutenganso alpha yatsopano.

Kudinda pa diso

Diso likhale la zidutswa ziwiri: chakunja, chokhala ndi choyera cha diso pamodzi ndi cornea yotumphuka, ndi cham'kati, chokhala ndi iris. Alpha imadindidwa pa cham'katicho chokha. Cornea iyenera kukhala yosalala kotheratu, popeza ntchito yake ndi kunyezimira ndi kupinda kuwala. Pa render, pamene kompyuta imatulutsa chithunzi chomaliza, refractive index yake (muyeso wa mmene imapindira kuwala) ndi 1.376. Pakati pa cornea ndi iris pali mpata wa pafupifupi mamilimita 3. Iris yeniyeni ndi yathyathyathya, yotumphukira kutsogolo pang'ono, komabe oumba ambiri amailowetsa m'kati ngati kambale kuti igwire kuwala mbali yoyang'anizana ndi kumene kukuchokera. Ngati render yanu imapinda kuwala moyenera kudzera mu cornea, kuilowetsa kwambiri n'kosafunika, ndipo diso limaoneka logoba munthu akatembenukira kumbali.

Mu ZBrush, sungani Morph Target ndipo mutsegule layer yatsopano musanadinde, kuti mudzathe kuchepetsa mphamvu pambuyo pake. Sankhani burashi ya Standard, stroke ikhale DragRect, lowetsani alpha yanu kudzera pa Import, ndipo pa Modify muike MidValue pa 50 kuti chotuwa cha pakati chisasunthe kanthu. Mukaiwala izi, bwalo lonse kapena bokosi lonse la alpha lidzatukuka pamodzi. Focal Shift ipite pa -100, apo ayi tsatanetsatane wa m'mphepete adzazilala. Z Intensity iyambire pansi. Ikani cholozera pakati penipeni pa mboni ndi kukoka mpaka alpha ifike m'mphepete mwa iris.

Mu Blender, onjezani Multiresolution pa iris, lowani mu Sculpt Mode, ndipo pa burashi ya Draw muike chithunzicho ngati texture. Color Space ikhale Non-Color, chifukwa ikasiyidwa pa sRGB pulogalamuyo imapotoza zotuwa ndipo cha pakati chija sichikhalanso pakati. Mapping ikhale Area Plane, Stroke Method ikhale Anchored, Falloff ikhale Constant, ndipo Sample Bias itsike pa -0.5 kuti igwire ntchito yofanana ndi MidValue.

Ngati zotuluka zikuoneka zosamveka bwino, vuto kawirikawiri si alpha koma mesh, ukonde wa ma polygon umene mukudindapowo. Chithunzi cha 2048 mbali zonse chili ndi ma pixel oposa mamiliyoni anayi, ndipo iris ya ma polygon zikwi makumi asanu singathe kunyamula zonsezo. Onjezani level imodzi kapena ziwiri pa iris yokha, osati pa mutu wonse, kuti kompyuta isalemedwe.

Mphamvu ya kudinda ndi pamene ambiri amapitirira muyeso. Pa sikirini iris imaoneka yaikulu ngati mbale, ndipo munthu amafuna kuona ulusi uliwonse uli njo, kuiwala kuti chinthu chonsecho ndi cha mamilimita 12 ndipo n'chopyapyala kwambiri. Bwererani m'mbuyo mpaka nkhope yonse ioneke, ikani cornea pamalo pake, yendetsani nyale kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo muchepetse layer ija mpaka tsatanetsatane azioneka pokhapokha kuwala kwamenya cham'mbali.

Diso lachiwiri lisakhale chithunzithunzi cha loyamba. Ma iris awiri a munthu mmodzi safanana, ndipo n'chifukwa chake makina ozindikira anthu poyang'ana iris amasiyanitsa lamanja ndi lamanzere. Njira yosavuta ndi kuzunguza alpha ndi kuitembenuza, koma yabwino koposa ndi kubwerera ku fayilo ya ma layer, kusuntha timaenje ndi collarette, n'kutulutsa alpha yachiwiri. Mboni nayonso siikhala pakati penipeni. Imatsamira pang'ono cha ku mphuno, ndipo mungaikankhireko ndi burashi ya Move mutatha kudinda.

Zozungulira iris

Choyera cha diso sichifuna alpha yamphamvu. Timitsempha tofiira ndi timadontho tabulawuni timene timapezeka pa maso a anthu ambiri a khungu lakuda ndi nkhani ya utoto, ndipo mukatitukula diso limaoneka lodwala. Kusalingana kofooka kwambiri, kongokwanira kuswa kunyezimira, n'kokwanira.

Khungu la zikope ndi losiyana. Ndi lopyapyala kwambiri, ndipo lili ndi timakwinya topingasana tosaya m'malo mwa timabowo tikulutikulu ta pamphuno ndi pamasaya. Pangani alpha yaing'ono ya 1024 ya mizere iwiri yopingasana mopendekeka, m'mphepete mwake mosungunukira m'chotuwa, ndipo muidinde kangapo ndi DragRect motsatira kupindika kwa chikope, kusintha kukula ndi kolowera nthawi iliyonse. Makwinya akuluakulu a pakona ya diso muwaumbe ndi dzanja musanadinde kalikonse, popeza amatsatira mnofu wozungulira diso ndi msinkhu wa munthuyo, zimene alpha yogwiritsidwa ntchito pa nkhope zambiri singadziwe.

Ma alpha amene mwamaliza muwapatse maina ofotokoza mtundu wa diso, kukula kwa mboni ndi MidValue yake. Mu ZBrush, amene mwawaika mu foda ya ZAlphas amaoneka mu LightBox, ndipo fayilo ya ma layer muisunge pamodzi nawo, chifukwa munthu wotsatira amene mudzaumbe adzafuna collarette yakeyake ndi mboni ya kukula kwina.